Kalata kwa atsogoleri a Amalawi a ku Johannesburg: tiyezetse maso anthu athu asanachite khungu

Olemekezeka abusa ndi mashehe, akulu a mpingo, amayi otsogolera Mvano, Chigwirizano, Umanyano ndi Dawa, apampando ndi asungichuma a magulu athu a maliro ndi a chipereganyu, komanso akuluakulu a ku ofesi ya kazembe wathu,

Ndabwera pamaso panu ndi pempho limodzi, ndipo ndilinena poyambirira pomwe kuti ngakhale wotopa ndi kuwerenga akhale atalimva. Gulu lililonse limene mukulitsogolera likhazikitse dongosolo lakuti kamodzi pachaka anthu ake azikayezetsa m'kati mwa diso, makamaka amene adutsa zaka 40, odwala shuga, a BP, ndi onse amene kubanja kwawo kuli munthu amene anasiya kuona asanakalambe.

Maliro timadziwa kuwayendetsa, ndipo pa ichi ndikuthokozani ndi mtima wonse. Uthenga ukangogwa pa WhatsApp kuti mnzathu watisiya ku Diepsloot kapena ku Turffontein, mndandanda wa zopereka umayamba usiku womwewo. Wina athamangira mapepala, wina bokosi, wina galimoto, mpaka thupi lidutsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete, kukalowa pa Mwanza, abale n'kulilandira mwaulemu. Koma mnzathu yemweyo akanayamba kusaona ali moyo, akanapeza ndani? Ntchito zathu kuno zimadalira maso zokhazokha: kusamala maluwa a bwana, kuchapa ndi kusita, ulonda, kusoka, kuwotcherera, kuyendetsa njinga yamoto yoperekera zakudya pakati pa matekisi. Maso akangofooka, ntchito yatha, lendi yayima, fizi ya ana ku Mangochi kapena ku Mzimba yayima. Timangomva kuti uje anakwera basi pa Park Station atagwiridwa dzanja, basi nkhani yake yathera pomwepo.

Chifukwa chimene ndikuumirira pa kuyezetsa chili m'kapangidwe ka diso lenilenilo, choncho mundilole ndifotokoze monga ndinamvera kwa madokotala pamene ndinkaperekeza amalume anga kuchipatala cha maso.

Kuwala kukalowa m'diso kumadutsa pa kamwana ka diso ndi pa kagalasi kamene kali kuseri kwake, kenako kumakagwera pa kachikopa kopyapyala kamene kanayalidwa m'kati, kumbuyo kwenikweni kwa diso. Kachikopaka ndiye retina. M'malo ambiri sikakwana ngakhale theka la milimita kuchindikala kwake, komabe muli maselo olandira kuwala a mitundu iwiri. Mtundu woyamba, oposa 90 miliyoni m'diso limodzi, ndi amene amagwira ntchito kukakhala kachisisira, ndipo achuluka cha m'mbali. Ndi amene amakuthandizani kuyenda mumsewu magetsi atazima, kapena kuzindikira kuti galimoto ikubwera chakumanzere inu mukuyang'ana kutsogolo. Mtundu wachiwiri, pafupifupi 5 miliyoni, ndi oona mitundu ya zinthu ndi tinthu ting'onoting'ono, ndipo anaunjikana pa kamalo kakang'ono pakati pa retina kotchedwa macula. Kulowetsa ulusi pa singano, kuwerenga nambala pa foni, kuzindikira nkhope ya mwana wanu pakati pa anzake, zonsezi ndi ntchito ya kamalo kamodzi kameneka.

Maselowa amasandutsa kuwala kukhala uthenga wa mphamvu ya magetsi, ndipo uthengawo umatuluka m'diso kudzera mu mtsempha umodzi wopita ku ubongo. Mtsemphawu ndi mtolo wa timaulusi toposa 1 miliyoni. Mitsempha ya maso awiri imakumana kunsi kwa ubongo, timaulusi tina timawolokera mbali inayo, ndipo uthenga umakathera kunkhongo, kumene ubongo umaumasulira kuti ichi ndi chitseko, uyu ndi munthu. Mwana akamaumbika m'mimba, retina ndi mtsempha umenewu zimaphuka kuchokera ku ubongo, ndipo zimatengera khalidwe la ubongo: kaulusi kakafa, sikameranso.

Apa ndi pamene anthu athu ambiri amasocheretsedwa ndi nkhani ya ng'ala. Tonse tinaonapo agogo akupita ku Nkhoma kapena ku chipatala cha maso cha Lions ku Queen Elizabeth ku Blantyre atagwiridwa ndodo, n'kubwera akuyenda okha. Ng'ala ndi kagalasi ka m'diso kamene kachita mbuu. Madokotala amakachotsa, n'kuikapo kena, munthu n'kuonanso, chifukwa retina ndi mtsempha wake zinali zamoyo nthawi yonseyo. Ndiye munthu wa kuno akaona kuti maso ayamba kuchita chifunga, amadzilimbitsa mtima kuti ndi ng'ala, ndikakapita kumudzi pa Khrisimasi akandipala. Nthawi zina zimakhaladi choncho. Koma ngati vuto lili kumbuyo kwa diso, miyezi imene akudikirayo ndi imene ikumudyera maso, ndipo nthawi zambiri palibe dokotala ku Malawi, ku South Africa kapena kwina kulikonse amene adzabwezeretse chimene chatayika.

Nthenda imene inagwira amalume anga ndi glaucoma. Kutsogolo kwa diso kumakhala timadzi toyera timene timapangidwa ndi kutuluka mosalekeza. Njira yotulukira ikayamba kuthina, pulesha ya m'diso imakwera n'kumafinya mtsempha uja pamene ukutulukira. Pa makina oyezera, pulesha ya anthu ambiri imakhala pakati pa 10 ndi 21, ngakhale alipo ena amene mtsempha umawonongeka pulesha isanadutse pamenepo, n'chifukwa chake dokotala amayenera kuuyang'ana mtsemphawo ndi maso ake, osangodalira nambala. Kawonongekedwe kake kali ngati ka chingwe cha khonje chomangira mbuzi: chimaduka kaulusi kamodzikamodzi, mbuzi ili chimangidwire, mwini wake osadziwa kanthu, mpaka tsiku limene kwatsala tiwiri tokha. Diso silipweteka, silifiira, silituluka manthongo. Kuona kumayamba kutha m'mbali, ndipo diso linalo limodzi ndi ubongo zimakwirira mipata yotsalayo, moti munthu amalumbira kuti akuona bwinobwino.

Amalume anga ankagwira ntchito ya m'munda wa maluwa kumpoto kwa mzinda uno. Chizindikiro choyamba sichinaoneke ngati matenda n'komwe. Anthu a kumpingo anayamba kudandaula kuti bambo aja ayamba kunyada, munthu ukawadutsa pambali sakupatsa moni. Kunyumba, kapu ya tiyi ikaikidwa kudzanja lamanzere ankaigubuduza ndi chigongono. Potsika masitepe ankaweramitsa mutu wonse kuti aone popondapo. Iwo anangogula magalasi a pamsewu, ndipo popeza Baibulo linayamba kuwerengeka bwino, anati vuto latha. Titafika kuchipatala anawakhazika m'chipinda cha mdima, chibwano atachitsamiritsa pa makina, m'manja atawapatsa kabatani koti azidina akaona kakuwala kakuthwanima. Ndinkaona timagetsi tikuyaka apa ndi apo, chala chawo chili duu. Pepala limene linatuluka linali lakuda pafupifupi lonse kudiso lamanzere, kupatula kamalo koyera pakati. Adokotala anatiuza mosabisa kuti chatsalacho achiteteza, koma chapitacho chapita. Lero amalume amaonabe ndi diso lamanja chifukwa cha madontho amene amadonthezera tsiku lililonse.

Glaucoma ndi nthenda imene ikutsogola pa dziko lonse pochititsa khungu losachiritsika, ndipo ife anthu akuda imatigwira kawirikawiri, imatiyamba tikadali achichepere, ndiponso imathamanga kuposa mwa azungu. Imayendanso m'magazi a pabanja. Munthu mmodzi akapezeka nayo, abale ake a bere limodzi ndi ana ake onse akuluakulu ayenera kukayezetsa, kaya ali kuno kaya ali kumudzi. Uwu ndi uthenga woti wapampando wa gulu angathe kuunena m'mphindi ziwiri pamsonkhano wa pamwezi.

Pa madonthowa ndili ndi mawu kwa inu abusa ndi mashehe, ndipo ndikuwanena mwaulemu. Madontho a glaucoma, monga timolol kapena latanoprost, sawonjezera kuona. Ntchito yake ndi kutsitsa pulesha kuti timaulusi totsala tisafe. Ndiye munthu amadonthezera mwezi wathunthu, saona kusintha, botolo likatha osakatenganso lina. Wina amapita kumudzi kwa miyezi iwiri botolo atalisiya pawindo ku Yeoville. Wina amauzidwa pa mapemphero a usiku kuti wachiritsidwa, ataye mankhwala asonyeze chikhulupiriro. Pemphererani odwala, ifenso timawafuna mapemphero amenewo, koma mawu akuti taya botolo asatuluke pakamwa pa mtumiki aliyense wa mumpingo mwanu. Mashehe, mwezi wa Ramadhani usanafike, akumbutseni odwala kuti akakambirane ndi adokotala za nthawi yodonthezera, asangosiya okha mwakachetechete. Anthu amamvera inu kuposa nesi amene amuona kamodzi.

Nthenda yachiwiri ndi shuga, ndipo iyi ndiye yandichititsa mantha kwambiri pakati pathu, chifukwa moyo wa kuno ukutikankhira komweko: buledi ndi chakumwa chotsekemera m'mawa, tchipisi masana, kugwira ntchito maola aatali, kugona mochedwa. Retina imadyetsedwa ndi timitsempha ta magazi tating'ono kwambiri. Shuga akakhala wokwera kwa zaka, timitsemphati timafooka, tina timayamba kudontha, tina timatsekeka. Diso poyesa kudzipulumutsa limameretsa timitsempha tatsopano, koma timakhala tosalimba, timaphulika n'kudzaza magazi m'kati mwa diso, kapena timasiya zipsera zimene zimakoka retina n'kuyimatula. Macula ikatupa ndi madzi odonthawo, nkhope za anthu ndi zilembo zimayamba kusokonekera. BP yokwera ndi fodya zimawonjezera moto pa zonsezi. Zaka zoyambirira munthu samva kalikonse.

Munthu wamkulu akangouzidwa kuti ali ndi shuga, ayenera kuyezetsa retina nthawi yomweyo, chifukwa nthendayi imakhala itakhala kale m'thupi zaka zingapo isanadziwike, ndipo kuchokera apo aziyezetsa chaka ndi chaka. Mayi wa shuga akaima, ayezetse mimba ikadali yaing'ono. Vuto likapezeka msanga chithandizo chilipo: kuwotcha malo owonongekawo ndi kuwala kwamphamvu kotchedwa laser, kapena jakisoni wa m'diso. Ndikudziwa kuti mawu akuti jakisoni wa m'diso amanyumwitsa thupi, koma diso amayamba alichititsa dzanzi, ndipo anthu ambiri amabwerera kunyumba tsiku lomwelo.

Kuyeza kumene ndikunena sikuwerenga zilembo pakhoma kokha ayi, ngakhale kuja kwa pokonzetsa laisensi yoyendetsera galimoto. Amayeza pulesha, kenako amadontheza mankhwala okulitsa kamwana ka diso kuti aunike mpaka kumbuyo, kapena amajambula chithunzi cha retina. Pachithunzipo mumaona bwalo lofiirira, timitsempha ta magazi titayala nthambi, ndi kamalo kotuwa kozungulira pamene mtsempha wa ku ubongo ukuyambira. Mankhwala okulitsa aja amachititsa maso chifunga kwa maola angapo ndipo dzuwa limathobwa kwambiri, choncho munthu sayenera kuyendetsa galimoto kapena njinga pobwerera. Kudutsa yekha pa renki ya matekisi ya Bree ali m'chifunga chotero n'kuika moyo pachiswe. Apa ndiye poyambira ntchito ya gulu: woperekeza.

Ndikudziwa zimene zimatibweza m'mbuyo, ndipo si umbuli wokha. Tsiku lopita kuchipatala ndi tsiku lopanda malipiro kwa munthu wa maganyu. Chizulu ndi Chisotho cha pamzere chimathamanga, Chingerezi cha adokotala n'chovuta, munthu amangovomera zonse n'kutuluka osamva kuti abwerenso liti. Ndiye pali mantha a mapepala, ndi anthu amene nthawi zina amaima pazipata za makliniki n'kumabweza alendo. Zonsezi n'zoona, ndipo ndi chifukwa chake nkhaniyi siyingasiyidwe kwa munthu payekha. Malamulo aakulu a dziko lino a 1996, pa gawo 27, amati aliyense ali ndi ufulu wopeza chithandizo cha zaumoyo, ndipo amanenetsa kuti munthu asakanizidwe chithandizo cha mwadzidzidzi. Mawu ake ndi akuti aliyense. Inu a ku ofesi ya kazembe, muli ndi pakamwa pofikira akuluakulu a zaumoyo a chigawo cha Gauteng pamene ife sitingafike. Tifunsireni momveka bwino njira yoyenera kutsata, zimene munthu ayenera kunyamula, ndi ndalama zimene angalipire, kenako mutilembere m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao, kuti anthu asamadalire mphekesera za m'basi.

Malo oti tipiteko alipo. Kliniki ya boma ya m'dera lanu imayeza shuga ndi BP, ndipo ndi kumene munthu amatenga kalata yomutumiza ku chipatala chachikulu. Ku Soweto, pa Chris Hani Baragwanath, kuli St John Eye Hospital, chipatala cha maso chokhachokha. Ku Doornfontein, University of Johannesburg ili ndi kliniki imene ophunzira za maso amayeza anthu moyang'aniridwa ndi aphunzitsi awo. Akatswiri oyeza maso a m'mashopu a magalasi ambiri ali ndi makina a pulesha, ena amajambulanso retina, pamtengo. Gulu la anthu makumi angapo likapita kukakambirana mtengo limodzi, kapena kuitana woyeza kuti abwere kutchalitchi kapena kumzikiti tsiku lopuma, zimapepuka kusiyana ndi munthu mmodzi kugogoda yekha. Asungichuma, patulani kagawo kochepa pa zopereka za pamwezi kakhale ka thiransipoti ya wodwala ndi womuperekeza, ndi kobwezera malipiro a tsiku limene wajomba. Ndalama yake ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi yotumizira bokosi kumudzi.

Pali zizindikiro zina zimene sizidikira tsiku la gulu, ndipo ndikupempha kuti zilengezedwe paguwa ndi pa WhatsApp mpaka aliyense aziloweze. Munthu akayamba kuona kung'anima m'diso, tinthu takuda tambiri tikuyandama mwadzidzidzi, kapena mthunzi ukubwera kuchokera mbali imodzi n'kumatseka, mwina retina ikumatuka, ndipo opaleshoni imathandiza kwambiri ikachitika macula isanamatuke nayo. Diso limodzi likangozima mwadzidzidzi popanda ululu, ngakhale litayambanso kuona pakapita mphindi zochepa, mwina mtsempha wa magazi watsekeka, ndipo imeneyo ndi mbale wake wa sitiroko. Diso likafiira ndi ululu woopsa, mutu ukuwawa, munthu akusanza, pulesha ingakhale itakwera modzidzimutsa. Zonsezi ndi za tsiku lomwelo, usiku kapena masana, osati mawa bwana akalola.

Amene akumwa mankhwala a TB adziwe kuti amodzi mwa iwo, ethambutol, nthawi zina amakhudza mtsempha wa diso. Akaona chifunga kapena akayamba kusokoneza chofiira ndi chobiriwira, akanene kukliniki msangamsanga kuti adokotala asinthe, asasiye mankhwala paokha. Amene ali ndi HIV n'kusiya ma ARV, chitetezo chikatsika kwambiri, CD4 kufika pansi pa 50, kachilombo kotchedwa CMV kamatha kudya retina. Ambiri amasiya mankhwala chifukwa chosamuka kapena manyazi pamaso pa anthu akwawo, ndipo manyazi amenewo ndi ife atsogoleri ndi anansi amene timawadyetsa. Mowa wosadziwika kumene wachokera, wotsika mtengo modabwitsa, umatha kukhala ndi poizoni wotchedwa methanol, amene amapha mtsempha wa diso m'masiku ochepa. Madontho okhala ndi mankhwala otchedwa steroid, ogula popanda kalata ya dokotala kapena obwereka kwa mnzako chifukwa diso likuyabwa, akagwiritsidwa ntchito nthawi yaitali amakweza pulesha. Ndipo mkaka wa m'mawere, madzi a shuga, mkodzo kapena madzi a masamba osinja zisalowe m'diso la munthu, ngakhale atanena ndi agogo amene timawakonda.

Anyamata athu owotcherera ndi odula zitsulo ndi grinder ndimawaona m'misewu ya Mayfair ndi Rosettenville akugwira ntchito atangotsinzina, kapena atavala magalasi a dzuwa. Kachitsulo kothamanga kamaboola diso mpaka kukafika pa retina. Amene mwalemba anyamata ntchito ndinu anthu a m'mipingo ndi m'mizikiti yathu yomweyi, agulireni zotchingira maso zoyenera. Amayi a Mvano ndi a Dawa, mukapita kukaona mwana wobadwa masiku asanakwane, funsani make ngati anamuyeza maso ndiponso ngati akusunga tsiku lobwereranso. Mukaona kamwana ka diso la mwana kakuwala moyera, kaya pamaso kaya pachithunzi cha foni, apite naye kuchipatala sabata yomweyo, chifukwa ingakhale ng'ala ya ana kapena khansa ya retina, ndipo zonse ziwiri zimafuna changu.

Wina anena kuti izi n'zazikulu, ife ndife alendo, tingathe chiyani. Mu 2022 bungwe la World Health Organization linatsimikiza kuti dziko la Malawi lathetsa trachoma ngati vuto la umoyo wa anthu, dziko loyamba kum'mwera kwa Africa kuchita zimenezi. Nthenda ija inkapinda zikope za amayi athu n'kuwachititsa khungu. Inagonja chifukwa alangizi a zaumoyo, mafumu ndi anthu odzipereka anayenda mudzi ndi mudzi, kulemba maina, kugawa mankhwala, kuperekeza odwala ku opaleshoni. Ntchito ya kulemba maina ndi kuperekezana ndi imene magulu athu kuno amaichita kale sabata iliyonse.

Masiku oti tiyambirepo aliponso. Mwezi wa March kumakhala sabata yokumbukira glaucoma pa dziko lonse, ndipo Lachinayi lachiwiri la October ndi tsiku la maso pa dziko lonse. Sankhanipo limodzi likhale la gulu lanu. Mlembi atsegule tsamba m'kaundula: ndani wadutsa zaka 40, ndani ali ndi shuga kapena BP ndipo wavomera kulembedwa, anayezetsa liti, abwerera liti, amuperekeza ndani. Za matenda a munthu zikhale pakati pa iye ndi mlembi, zisafike pa gulu la WhatsApp.

Amene maso anatha kale tisawatumize kumudzi ngati katundu. Kuno kuli South African National Council for the Blind, kumudzi kuli Malawi Union of the Blind, ndipo munthu angaphunzire kuyenda ndi ndodo yoyera ndi kugwiritsa ntchito foni yolankhula. Asanakwere basi, gulu lionetsetse kuti wanyamula kalata ya adokotala yofotokoza nthenda yake, mankhwala okwanira ulendo ndi masabata oyamba, ndiponso kuti abale akudziwa chipatala cha maso chimene akapitirize nacho, kaya ku Mzuzu, ku Lilongwe, ku Zomba kapena ku Blantyre.

Ndikupempha kuti nkhaniyi ilowe pa mndandanda wa zokambirana pamsonkhano wanu wa mwezi uno, isanafike nkhani ya zopereka. Gulu limene lilibe woperekeza wodziwa njira ya ku Soweto linditumizire uthenga kudzera kwa apampando a gulu lathu, ine ndi amalume tidzabwera kudzafotokoza mmene mzere umayendera ndi nthawi yoyenera kunyamuka.

Ine wanu,
Mmalawi mnzanu, membala wa gulu la maliro ku Rosettenville